Buku Lotseguka Lokha: Chifukwa Chake Psoriasis Imabwerera Pomwe Inali

Aliyense amene wakhala ndi psoriasis kwa zaka zingapo amadziwa malo ake. Mankhwala akagwira, zigamba zokhuthala za pachigongono zimaphwa, mamba oyera aja amasiya kuyoyokera pamkeka, kuyabwa kumatha, khungu n'kusalala. Koma pakapita miyezi nthenda ija imatulukanso, ndipo kawirikawiri sisaka malo atsopano. Imafikira pachigongono pomwe paja, pabondo lomwe lija, kuseri kwa khutu lomwe lija, mwina mpaka malire a chigamba n'kukhala akale omwe. Chonsecho thupi ndi limodzi, magazi ndi omwewo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo majini a selo la pachigongono ndi ofanana ndi a selo la patsaya. Nanga n'chiyani chimatsalira pamalopo khungu likamaoneka kuti lachira?

Kumudzi funso lotere silichedwa kupeza yankho. Ena amati munthuyo anaponda mankhwala, ena amati pali chimene anadya chosayenera, ena amati mankhwala a kuchipatala amangoigoneka nthenda osaizula. Mayankho amenewa amamusiya wodwala ali ndi mlandu kapena ali ndi mdani, pamene alibe zonse ziwiri. Zimene asayansi akhala akufukula pa zaka 20 zapitazi zikuloza kwina: khungu limakumbukira. Maselo amene anadutsa m'kutupa sabwerera ndendende mmene analili, ngakhale kuti majini awo sanasinthe chilembo ngakhale chimodzi. Nthambi ya sayansi yofufuza zimenezi imatchedwa epigenetics, ndipo wodwala psoriasis, pamodzi ndi abale ake, ayenera kuimvetsa.

Khungu lothamanga

Khungu lakunja, lija timadzola mafuta, silikhala chikhalire. Pansi pake pali mzere wa maselo amoyo amene amagawikana. Ana awo amakankhidwira m'mwamba pang'onopang'ono, akuphwatalala, akuuma, mpaka amafika pamwamba ali akufa n'kuthothoka ife osadziwa. Ulendo umenewu umatenga pafupifupi mwezi. Pakati pa maselo a pansiwo pali ena amene sanyamuka nawo. Amatsala pansi pomwepo, ena m'mizu ya tsitsi ndi cheya, n'kumabala anzawo moyo wonse wa munthu. Amenewa ndi ma stem cell a khungu, maselo obala.

Psoriasis ikabwera, ulendo wa mwezi uja umatha m'masiku 3 mpaka 5. Maselo amafika pamwamba asanakhwime, amakanika kuthothoka bwino, n'kuunjikana kukhala mamba. Timitsempha ta magazi ta pansi pa chigamba timakula n'kuyandikira pamwamba, n'chifukwa chake munthu akapala mamba aja pamatuluka timadontho ta magazi. Pakhungu loyera zigambazi zimakhala zofiira, koma pakhungu lathu lakuda zimaoneka zotuwa, zopita ku pepo, kapena zakuda kuposa khungu lozungulira, ndipo zikachira zimasiya banga lakuda kapena lotumbuluka kwa miyezi. Pachifukwachi anthu amazisokoneza ndi zipere, ena mpaka ndi khate. Chisokonezochi n'chakale: ku Ulaya nako madokotala ankaphatikiza psoriasis ndi khate mpaka Ferdinand von Hebra wa ku Vienna atazilekanitsa mu 1841.

Chimene chimathamangitsa maselowa ndi chitetezo cha m'thupi. Maselo olondera a m'khungu amatulutsa uthenga wotchedwa IL-23. Uthengawu umadzutsa maselo a chitetezo otchedwa T, amene amatulutsa IL-17, ndipo pambali pake pamayendanso TNF. Maselo a khungu akalandira zimenezi amagawikana mofulumira, n'kutulutsa uthenga wawo woitana maselo ena a chitetezo. Oitanidwawo akafika amawonjezera IL-17, zinthu n'kumangozungulira choncho. Palibe kachilombo kamene kakumenyedwa. N'chifukwa chake psoriasis sipatsirana, kaya pogwirana chanza, pogona pamodzi kapena podyera mbale imodzi. Imatha kuwononga zikhadabo, ndipo mpaka anthu atatu mwa 10 alionse odwala amadzamvanso nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa. Lipoti la World Health Organization la mu 2016 linati anthu osachepera 100 miliyoni pa dziko lonse ali ndi nthendayi.

Majini paokha safotokoza zonse

N'zoona kuti psoriasis imayenda m'magazi a banja. Jini imene imadziwika kwambiri ndi HLA-C*06:02, ya pa kromozomu 6, ndipo palinso majini ena ambiri amene aliyense amawonjezerapo pang'ono. Koma anthu ochuluka amene ali ndi jini imeneyi amakalamba osatulukapo chigamba. Umboni wina umachokera kwa mapasa ofanana, amene majini awo ndi amodzi. Kafukufuku wa mapasa a ku Denmark wa mu 2013 anapeza kuti mmodzi akakhala ndi psoriasis, mnzake amakhala nayo pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse. Kawiri pa katatu, wina amadwala, wina ayi. Ngati zolembedwa zili zofanana koma zochitika n'zosiyana, ndiye kuti kusiyana kuli pa kawerengedwe.

Buku la nyimbo la mayi wa Mvano

Tengani buku la nyimbo la mayi amene wakhala mu Mvano zaka zambiri. Chikuto chinasuluka, anachikutira ndi kansalu ka chitenje. Mukalipenda cham'mbali muona kuti masamba ena akadali oyera, ndipo ena anamatirirana kuchokera chaka chimene bukulo linanyowa ndi mvula, osatsegulidwanso. Koma pali chigawo china pamene m'mphepete mwa masamba munada ndi thukuta la zala, ngodya zinapindika, ulusi wa kumsana kwa buku unamasuka. Mukaliika patebulo n'kuchotsa dzanja, limadzitsegula lokha pamenepo. Ndi pa nyimbo za pamaliro, poti mayiyu wachezera nalo pa siwa zambiri. Mawu a m'bukuli ndi omwewo amene ali m'buku latsopano la mwana wake. Palibe nyimbo imene yawonjezeka, palibe imene yafufutika. Chasintha ndi malo amene bukulo limafulumira kutseguka.

Selo nalo lili ndi buku lake. M'kati mwa selo lililonse muli DNA yotalika pafupifupi mamita awiri, yogawidwa m'makromozomu 46, yokhala ndi majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni. Selo la khungu, la chiwindi ndi la diso onse ali ndi buku lofanana, koma aliyense amaimba zake, chifukwa masamba amene ali otsegula kwa mmodzi ndi omata kwa mnzake. Kuti ulusi wautali chonchi ukwane m'kanthu kosaoneka ndi maso, umakulungidwa pa timapuloteni totchedwa histone. Pamene wakulungidwa mothina, jini siwerengeka. Pamene wamasuka, selo limaiwerenga mosavuta.

Zizindikiro zimene zimalamula zimenezi zilipo za mitundu ingapo. Choyamba ndi kachidutswa kotchedwa methyl kamene kamamatidwa pa DNA yeniyeniyo. Kakamatidwa poyambira jini, nthawi zambiri jiniyo imatsekeka, ngati masamba omatirirana aja. Chachiwiri ndi tizidutswa timene timaikidwa pa ma histone. Tina timathinitsa ulusi, tina, monga acetyl, timaumasula, ngati kumsana kwa buku kumene kwamasuka. Chachitatu ndi timaulusi tating'ono totchedwa microRNA. Timeneti sitikhudza tsamba, koma timadula uthenga umene wachokera kale ku jini usanasanduke puloteni, ngati wotsogolera amene amakweza dzanja nyimbo ili pakati. Amene anayambitsa dzina la epigenetics ndi Conrad Waddington wa ku Britain, mu 1942, pofuna kumvetsa mmene dzira limodzi limabalira ziwalo zosiyanasiyana.

Pa mfundo imodzi selo limaposa buku. Buku likasindikizidwanso, masamba onse amabwera oyera. Koma selo likagawikana limakoperanso zizindikiro zake zambiri n'kupatsira ana ake. Puloteni yotchedwa DNMT1 ntchito yake ndi imeneyo: kuona pamene pali methyl pa ulusi wakale, n'kuika pomwepo pa ulusi watsopano.

Zizindikiro zimene zimasunga maselo obala

Apa ndi pamene ma stem cell amalowera m'nkhaniyi. Selo lobala lili ndi zosankha ziwiri: kukhalabe pansi n'kumabala, kapena kunyamuka ulendo wokakhwima ndi kufa. Chisankhochi chimayendetsedwa ndi zizindikiro zomwezi. Mu 2010, George Sen ndi Paul Khavari a ku Stanford University anasonyeza kuti DNMT1 ikachotsedwa m'maselo a khungu la munthu, maselo obala amasiya kubala n'kuthamangira kukhwima, mpaka khungu limatha mphamvu yodzikonza. Masamba onena za kukhwima amayenera kukhala omata mpaka nthawi yake itakwana.

Nthawiyo ikakwana pamafunika chozimitsa kubala. Mu 2008, Rui Yi ndi Elaine Fuchs a ku Rockefeller University ku New York anapeza kuti microRNA yotchedwa miR-203 imayamba kuoneka selo likangochoka pamzere wa pansi, ndipo imadula uthenga wa jini ya p63, imene imasunga mphamvu yobala. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, Enikö Sonkoly ndi anzake a ku Karolinska Institutet ku Sweden anali atapeza kuti miR-203 yomweyi ndi imodzi mwa ma microRNA amene muyezo wake umasokonekera m'zigamba za psoriasis. Zida zomwe zimakonza khungu labwino ndi zomwezo zimene zimasokonekera m'khungu lodwala.

Ganizirani izi. Maselo ambiri a khungu lakunja amathothoka m'mwezi umodzi. Ngati malo ena a khungu akukumbukira chinthu chimene chinachitika chaka chatha, chikumbukirocho sichingakhale m'maselo amene anathothoka kalekale. Chiyenera kukhala mwa amene sachoka.

Zimene mbewa zinaulula

Mu 2017, Shruti Naik ndi Samantha Larsen, akugwira ntchito ndi Elaine Fuchs, anayesa ganizo limeneli pa mbewa za m'labotale. Anazimeta kumsana n'kuzipaka kwa masiku ochepa mafuta otchedwa imiquimod, amene kwa anthu amachiza njerewere, koma pa mbewa amatulutsa khungu lofiira, lokhuthala, lamamba, lofanana kwambiri ndi psoriasis. Kenako anasiya kupaka. Pofika tsiku la 30 khungu linali litachira, maselo a chitetezo ochuluka aja atabalalika, ndipo poyang'ana pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono silinkasiyana ndi la mbewa zimene sizinapakidwepo. Atatero anacheka kabala kakang'ono pa mbewa za magulu onse awiri.

Bala la mbewa zimene zinatupapo linatsekeka mofulumira kuwirikiza kawiri ndi theka. Atadikira masiku 180, amene kwa mbewa ndi gawo lalikulu la moyo, khungu lija linali likuchirabe msanga kuposa linzake. Mphamvuyi inali pamalo pokhapo pamene panatupa, osati thupi lonse. Ndipo atachotsa maselo a T ndi maselo ena a chitetezo otchedwa macrophage m'khungumo, sinathe. Chikumbukiro chinali m'maselo obala a khungu eni ake.

Atayang'ana DNA ya maselowa anapeza chimene chinachitika. Kutupa kunamasula malo ambiri a ulusi amene kale anali othina. Khungu litachira, ambiri anathinanso, koma oposa 1,000 anatsala omasuka. Majini ambiri a pamalo amenewa sankawerengedwa khungu likakhala pamtendere. Anangokhala otsegula, ndipo bala litangochekedwa anali oyamba kuwerengedwa. Imodzi mwa majiniwa ndi Aim2, imene imamva kuwonongeka kwa maselo n'kuyambitsa uthenga wa IL-1 beta, wofulumizitsa maselo kukwawira pabala. Mbewa zimene zinalibe Aim2 sizinkachira msanga chotero. Buku linali litazolowera kutseguka pa nyimbo zimene linaimba pa nthawi yovuta.

Mu 2021 gulu lomweli linafotokoza chimene chimagwira masambawo kuti asatsekeke. Pa nthawi ya kutupa, puloteni yotchedwa STAT3 imagwirizana ndi zina ziwiri, FOS ndi JUN, kumasula ulusi. Kutupa kukatha STAT3 ndi FOS zimachoka, koma JUN imatsala pomwepo pamodzi ndi mapuloteni ena a tsiku ndi tsiku, ngati chala chimene chasiyidwa pakati pa masamba. Vuto lina likabwera, ngakhale losiyana ndi loyamba lija, FOS imabwerera msanga n'kupeza mnzake ali kale pamalo. STAT3 si yachilendo pa nkhani ya psoriasis: mu 2005 Shigetoshi Sano ndi anzake anasonyeza kuti imakhala yoyaka m'zigamba za anthu, ndiponso kuti mbewa zimene STAT3 ya m'khungu mwawo sizima zimatuluka zigamba zofanana nazo.

Chikumbukiro chimenechi si chilema. Ndi nzeru ya thupi: pamalo pamene panavulalapo pakhale pokonzeka. Kwa munthu amene chitetezo chake chili m'malo mwake, zimenezi zimatseka bala msanga. Koma kwa amene majini ake amapangitsa chitetezo kupsa mtima msanga, kukonzeka komweku kungachititse kuti kanthu kakang'ono kadzutse moto waukulu. Kafukufukuyu anachitika pa mbewa, koma zimene zapezeka pakhungu la anthu zikuloza mbali yomweyo.

Zotsalira m'khungu la munthu

Mu 2011, asayansi a gulu la James Krueger, ku Rockefeller komweko, anayeza khungu la odwala amene zigamba zawo zinachira atalandira mankhwala otsekereza TNF kwa miyezi itatu. Maso ankati lachira, koma majini ena okhudzana ndi nthendayi anali asanabwerere pa muyezo wake. Mu 2012, Elisha Roberson ndi Anne Bowcock a ku Washington University ku St. Louis anayerekeza methyl wa m'zigamba ndi wa khungu la anthu osadwala, n'kupeza malo oposa 1,100 osiyana. Anapezanso chinthu cholimbikitsa: patangotha mwezi umodzi wa mankhwala otsekereza TNF, zizindikiro zinali zitayamba kubwerera kufupi ndi za khungu labwino. Ofufuza a ku Umeå ku Sweden anaona zofanana mu 2015 mwa odwala amene anathandizidwa ndi kuwala kwa UVB: amene khungu lawo linachira bwino ndi amenenso zizindikiro zawo zinabwerera.

Si maselo obala okha amene amakumbukira. Liv Eidsmo ndi anzake ku Karolinska mu 2014, komanso gulu la Rachael Clark ku Boston mu 2017, anasonyeza kuti m'malo amene chigamba chinachira mumatsala maselo a T amene sabwerera m'magazi. Amakhala chete m'khungu momwemo, ali okonzeka kutulutsa IL-17 akadzutsidwa. Choncho pamalo amodzi pamakhala okumbukira awiri, woitana ndi woyankha, ndipo onse ali tcheru kuposa mmene analili nthenda isanafike.

Phindu lake kwa wodwala

Mfundo yoyamba ndi yakuti zizindikirozi zimasinthika. Jini imene munthu anabadwa nayo sichoka, koma tsamba lotseguka lingathe kutsekekanso, ndipo pali umboni wakuti nthawi ndi yofunika. Kafukufuku wotchedwa GUIDE, wa ku Germany ndi France, anapatsa odwala mankhwala otsekereza IL-23 otchedwa guselkumab. Mwa amene anali atadwala zaka ziwiri kapena zocheperapo, pafupifupi 44 pa 100 alionse khungu lawo linayera lonse msanga, pamene mwa amene anadwala nthawi yaitali anali 28 pa 100. Buku limene latsegulidwa pamalo amodzi kwa zaka 20 silibwerera msanga ngati limene latsegulidwa miyezi yochepa. Mankhwala obaya amenewa ndi okwera mtengo kwambiri ndipo ambiri a ife sitingawafikire, koma phunziro lake ndi la aliyense: kutupa kusasiyidwe kuti kukhazikike.

Mfundo yachiwiri ndi yosamala zimene zimadzutsa nthenda. Mu 1872, dokotala wa ku Germany Heinrich Köbner anaona kuti munthu wa psoriasis akavulala pakhungu labwino, chigamba chatsopano chimatha kumera motsatira bala lomwelo. Izi zikutikhudza mwachindunji. Kutema mphini pofuna kuchotsa nthendayi, kukhula mamba ndi mwala posamba, kukanda mpaka magazi, zonsezi zimatha kubala zigamba pamene panalibe. Zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya a streptococcus zimatha kutulutsa timadontho tambirimbiri ta psoriasis thupi lonse, makamaka kwa ana ndi achinyamata. Nkhawa yaikulu, mowa wambiri, kunenepa kwambiri ndi fodya zimaikulitsa. Za fodya n'zodziwika bwino kuti utsi wake umasintha methyl wa pa DNA ya maselo a m'magazi, ndipo munthu akasiya kusuta zizindikiro zambiri zimabwerera pang'onopang'ono. Mankhwala ena, monga lithium ndi ena a BP a mtundu wa propranolol ndi atenolol, amathanso kuidzutsa. Amenewa sasiyidwa mwa wekha, koma dokotala ayenera kuuzidwa kuti aone chochita. HIV nayo imatha kuchititsa psoriasis kubwera mwadzidzidzi ndi mwamphamvu, choncho munthu amene zamuchitikira chonchi ndi bwino akayezetse magazi. Kwa ambiri otere, ma ARV amathandizanso khungu.

Mfundo yachitatu ikukhudza mafuta ogula pamsika. Timachubu tambiri togulitsidwa pa mabenchi, tina toyeretsera khungu, timakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga betamethasone ndi clobetasol. Timaphwetsadi chigamba m'masiku ochepa, munthu n'kusangalala. Koma kupaka miyezi yambiri popanda malangizo kumapyapyalitsa khungu, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumabweza nthenda mwaukali. Mapiritsi ndi jakisoni wa steroid ndiye oopsa kwambiri, chifukwa akasiyidwa amatha kubweretsa psoriasis ya timatuza ta mafinya thupi lonse, imene imagoneka munthu m'chipatala. Mankhwala omwewa akaperekedwa ndi dokotala, pa muyezo wake ndi nthawi yake, ndi othandiza. Palinso ena akale amene akugwirabe ntchito: mafuta wamba ofewetsa khungu odzola tsiku lililonse, salicylic acid wochotsa mamba, phula la malasha, calcipotriol, ndi mapiritsi a methotrexate kwa amene nthenda yawakuta, ngakhale kuti amenewa amafuna kuyeza magazi pafupipafupi ndipo saperekedwa kwa mayi woyembekezera. Kuothera dzuwa pang'ono kumathandiza ambiri, koma kupsa nalo kumadzutsa zigamba.

Mankhwala ochotsa kapena kusintha zizindikiro za pa DNA mwachindunji alipo kale, koma ndi a khansa. Azacitidine anavomerezedwa ku America mu 2004 pa matenda ena a m'mafuta a m'mafupa, ndipo vorinostat mu 2006 pa khansa ina ya pakhungu. Amenewa amakhudza masamba ambirimbiri nthawi imodzi m'thupi lonse, choncho sangaperekedwe pa psoriasis. Ntchito imene ofufuza ali nayo ndi yopeza njira yotsekera masamba odzutsa nthenda okhawo, osawononga aja othandiza bala kuchira. Pakadali pano, amene akugulitsa tiyi kapena makapisozi ponena kuti amakonza majini akungodya ndalama za anthu ovutika.

Makolo ambiri amada nkhawa kuti kodi zimenezi adzapatsira ana awo. Zizindikiro zimene kutupa kwasiya m'maselo a pachigongono zimathera pachigongono pomwepo, sizilowa m'mbewu ya bambo kapena m'dzira la mayi. Chimene mwana angatengere ndi majini owonjezera mpata wodwala, ndipo taona kale kuti ngakhale mapasa ofanana sadwala onse nthawi zambiri. Palibe chifukwa choletsera munthu wa psoriasis kukwatira, kukwatiwa kapena kubereka.

Mu 2014 msonkhano waukulu wa World Health Organization unavomereza kuti psoriasis ndi nthenda yaikulu yosapatsirana, ndipo unatchula tsankho ngati gawo la mavuto a odwala. Tsankho limeneli lili ndi mtengo umene tsopano tikutha kuuona mpaka m'maselo. Mtsikana amene amavala malaya a manja aatali m'mwezi wa Okutobala kuti anzake asaone, mnyamata amene wasiya sukulu chifukwa palibe wofuna kukhala naye pa desiki, bambo amene am'patulira mbale yake, onsewa amabisala, ndipo wobisala sapita kuchipatala. Chaka chilichonse chimene akubisala, kutupa kukupitirira ndipo nkhawa ikuwonjezera moto.

Madokotala a khungu ndi ochepa m'maiko athu, koma alipo, ndipo ambiri mwa azachipatala amene amaona matenda a khungu m'chigawo chino cha Africa anaphunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania. Wodwala amene mankhwala a zipere akhala akumukanika ali ndi ufulu wopempha kuti atumizidwe kwa iwo. Akauzidwa kuti ndi psoriasis, auzidwenso zoona zonse: kuti ndi nthenda yokhalitsa imene imagona ndi kudzuka, kuti khungu likayera chisamaliro sichinathe, ndiponso kuti kubwerera kwake sikutanthauza kuti mankhwala anali abodza kapena kuti iye analakwitsa. Abale nawo ali ndi gawo lawo, ndipo si lovuta: kudya naye, kumupaka mafuta kumsana kumene dzanja lake silifika, ndi kumuperekeza kuchipatala chaka chomwe zigamba zayamba, osati patatha zaka 10 akuyendayenda kwa otema mphini ndi ogulitsa timachubu.